Dzina Limene Linasowa pa Chitseko

Ana awiri a malemu telala uja sanagwirizanepo kanthu chibadwire. Wina akati tiyi watentha, mnzake amati wazizira. Ndiye bambo awo, kaya ankaganiza chiyani, anawasiyira onse awiri shopu yosokera zovala ndi antchito khumi ndi atatu. Mulungu awakhululukire bambo amenewo.

Wamkulu ndi wamkazi, amene aliyense amangomuti Achemwali. Mlongo wake wamng'ono amatchedwa Tayi, poti ngakhale kutenthe chotani, iye kansalu kali lende pakhosi.

Chaka chino kunachitika zodabwitsa, awiriwo anagwirizana. Shopu inali itachepa, matelala ankagundana zigongono, wosita akati awerame ankagunda wosokerera mabatani. Anapeza nyumba yaikulu kuseri kwa msika, nati makina onse ndi anthu ake asamukire kumeneko. Shopu yakaleyo itsale yoyezeramo makasitomala ndi kuduliramo nsalu, ndipo makiyi ake apatsidwe kwa a Sizasi, mdala wodula nsalu amene anayamba ntchito ndi bambo awo Tayi asanamere ndi mano omwe. Iwowo akhale bwana wa pamenepo.

Mgwirizanowo sunafike ndi madzulo omwe. Unathera pa nkhani yoti antchito awauza bwanji.

"Tiwasonkhanitse Lachisanu, tiwauze pakamwa," anatero Achemwali.

"Msonkhano? Makina aime ola lathunthu anthu akufunsa ngati kuli chimbudzi? Achemwali, dziko linasintha. Tili ndi gulu la pa foni."

"Gulu lako lija mumatumiziranamo zithunzi za ana ndi mapemphero?"

"Bola limenelo kusiyana ndi misonkhano yanu. Wa chaka chatha munalankhula nokha mpaka wosita anagona."

Anakokanakokana mpaka anagwirizana zapakati, zosakondweretsa aliyense. Achemwali amate pepala pa chitseko lokhala ndi mayina a anthu osamuka, Tayi atumize uthenga pa foni. Koma za a Sizasi, nkhani yokoma ija, aliyense ankafuna ituluke pakamwa pake.

"Ndikawauza ndine, ndine wamkulu."

"Nzeru yake inali yanga."

"Chabwino, kawauze wekha, bwana mkubwa."

"Ayi, pitani ndinu. Si ndinu wamkulu?"

Achemwali anamenyetsa chitseko, Tayi anamenyetsa kabati. Aliyense anachoka ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mnzakeyo, mmene amakondera kutamandidwa, athamangira kwa mdalayo dzuwa lisanalowe.

Lolemba m'mawa Achemwali atalowa mu shopu, anamva kuti china chake chasowa asanadziwe kuti n'chiyani. Makina ankalira bwinobwino. Koma kunalibe phokoso lija la khwee, khwee la pa tebulo lalitali. Tebulolo linali lopukutidwa mbee, choko chitaikidwa bwino m'kachitini. Msomali umene pamakhala sizasi yaikulu ija unali wokhawokha pakhoma. Pambali panali mulu wa nsalu za yunifolomu ya sukulu yonse, zoti zikhale zitasokedwa sabata ziwiri zisanathe, ndipo m'nyumba monsemo munalibe wina wodziwa kudula kolala osaipotoza.

"A Sizasi adwala?"

Matelala onse anazyolikira pa singano. Anayankha ndi mayi wosita, nsimbi ili m'manja.

"Mukufunsa ife? Si mwawachotsa ndinu?"

"Kuwachotsa?"

"Pepala lanu lili apo. Maso awo aja amaona bwino pa nsalu pokha, pa zilembo ayi, ndiye anandipempha ndiwawerengere. Ndinawerenga kawiri. Mayina khumi ndi awiri, lawo mulibe. Akuti, werenganso mwana wanga, mwina lili kuseri. Ndinatembenuza, kuseri kuli mbee."

"Nanga uthenga wa pa foni?"

"Kafoni kawo ndi ka mabatani, gulu alowamo bwanji? Ndinawawerengeranso ndine. Achimwene anu analemba kuti amene dzina lake palibe tikambirana naye payekha. Anadikira Lachisanu lonse, palibe anabwera. Loweruka anasesa malo awo, anatitsanzika mmodzimmodzi. Ife tinalira, Achemwali. Zaka makumi atatu, munthu n'kumuchotsa ndi pepala?"

Achemwali anacheukira pepala lija pa chitseko. Wosita uja, poona kuti mpeni walowa, anaupotoza.

"Komanso telala wa pafupi ndi depoti, amene wakhala akuwanyengerera zaka zonsezi, wawaitana lero. Akuti afike isanakwane teni."

Nthawi yomweyo Tayi analowa akuimba kaluzu. Achemwali sanamupatse ndi moni womwe. Anatsomphola makiyi pa desiki, dzanja linalo n'kugwira tayi ija ngati chingwe cha mbuzi.

"Sunawauze!"

"Ndani? Ine? Si munati ndinu wamkulu?"

"Ndinati kawauze wekha!"

"Munanena mwa mkwiyo, za mkwiyo siziwerengedwa!"

"Yenda!"

Anakangana msewu wonse. Anadutsa pa okonza njinga akukangana, pa ogulitsa makala akukangana, mpaka mayi wina anaimitsa wilibala kuti amve bwino. Tayi ankati aimbe kaye foni. Achemwali anati akangoitulutsa foniyo aiponya mu ngalande. Ankakumbukira mdala uja akuwasokera kadiresi ka chidole ndi tizidutswa totsala, iwo ali kamtsikana kokhala pansi pa tebulo. Akakamupeza atapita kale kwa telala winayo, akamuyang'ana bwanji pa msewu?

Pa nyumba ya a Sizasi anapeza akazi awo akuyanika zovala. Mayiwo anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Ee, abwana afika. Mwabwera kudzamata pepala lina pa chitseko changa?"

"Mayi, abambo alipo?"

"Abambo ake ati? Muli ndi abambo inu? Iwe Tayi, thewera lako loyamba anadula ndi amuna anga. Lero wavala kansalu pakhosi wayamba kuchotsa anthu pa foni?"

"Mayi, sitinawachotse, kungoti njira yotumizira uthenga..."

"Njira! Njira yobwera kuno waiiwala? Miyendo ili ndi ntchito yanji?"

Achemwali anasuzumira pa khomo. Mdalayo analipo. Anali pa mpando, jekete atavala kale, nsapato imodzi atamanga, inayo ili m'manja. Sizasi ija inali pa tebulo, yokulungidwa m'kansalu.

Achemwali analowa, nagwada pambali pa mpandowo. Tayi anaima pakhomo mpaka chigongono cha mayi aja chinamukumbutsa kuti naye ali ndi mawondo.

"Bambo, talakwa. Dzina lanu mulibe pa pepala lija chifukwa inu simukusamuka. Shopu yakale ikutsala m'manja mwanu, muziyeza ndi kudula, muziyendetsa ndinu. Makiyi ndi awa," anatero Achemwali.

Anawaika pafupi ndi sizasi. A Sizasi anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali osawakhudza.

"Mwaganiza zimenezi lero, mutaona kuti makolala akusowa wodula?"

"Ayi bambo, tinagwirizana Lachinayi."

"Nanga Lachisanu munali kuti? Ine ndinali pa tebulo langa. Iwe unandidutsa kanayi, uyu katatu."

Achemwali analibe bodza loti n'kulisoka msanga.

"Timalimbirana kuti akuuzeni ndani. Aliyense amafuna akhale iyeyo. Kenako tinanyanyalitsana."

Kunja, akazi a mdalayo anaomba m'manja kamodzi, phaa.

"Mwamva abambo? Amakukondani kwambiri mpaka mwagona masiku atatu osadya!"

Mapewa a a Sizasi anayamba kugwedezeka. Achemwali anaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwa munthu amene watula thumba lolemera. Anapukuta m'maso ndi chala.

"Ana inu. Bambo anu ankati akafuna kundiuza kanthu, kabwino kaya koipa, ankakoka mpando n'kukhala pambali panga. Tsiku lina anandikalipira mpaka ndinatuluka thukuta, koma ndinkawaona nkhope, ndinkatha kufunsa. Pepala ulifunsa chiyani?"

"Tamva, bambo," anatero Tayi, mawu atachepa ngati ulusi.

"Ndiye kwa telala wa ku depoti?" anafunsa Achemwali mwamantha.

"Ndikamuuza ndekha madzulo. Pakamwa." Anavala nsapato inayo, nanyamula sizasi ija, natola makiyi, nawaponya m'thumba la jekete. "Tiyeni, nsalu za ana asukulu zikudikira."

Atalowa mu shopu, makina onse anaima okha popanda wowauza. Wosita anakuwa, nsimbi anangotsala pang'ono kuiika pa dzanja lake. Achemwali anaona kuti anthu asonkhana kale, basi anakwera pa kabenchi n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Mafunso anagwa ngati mvula. Wina amafuna kudziwa ngati kuli mawindo, wina ngati makina ake akaikidwa pafupi ndi khomo, awiri anaulula kuti uthenga wa pa foni sanautsegule n'komwe poti unali wautali. Wosokerera mabatani anakweza dzanja.

"Kuli chimbudzi?"

Tayi anayang'ana Achemwali. Achemwali anayang'ana kudenga.

A Sizasi sanadikire kuti msonkhano uthe. Anamatula pepala lija pa chitseko, analitembenuza, najambula kolala kuseri kwake, n'kulidula bwinobwino kuti likhale patani. Khwee, khwee. Achemwali atamva phokosolo anakhala pansi pa mulu wa nsalu.

"Mwaona," ananong'ona Tayi akukonza tayi yake yokwinyika, "ola lathunthu lapita, monga ndinanenera."

"Ukanawauza Lachisanu bwenzi litapita?"

"Munali wamkulu ndinu."

"Ana inu," anatero a Sizasi osadzutsa mutu, "mu shopu yanga musamakanganiremo. Kakanganeni kuseri kwa msika."