Njerwa za Pamsewu wa Malomo

Ashura anali kusoka diresi pakhonde pamene mesenjala wa khonsolo anafika ndi chitini cha utoto wofiira n'kulemba mtanda pachitseko chake.

"Bambo inu, mtanda pakhomo la Msilamu?" anafunsa Ashura akuimitsa makina.

"Si wa kutchalitchi uwu, mayi. Mukamva Lachiwiri pamsonkhano," anayankha mesenjalayo akupitirira.

Pofika masana, nyumba zisanu zofolera udzu zimene zinandandalika m'mbali mwa msewu pa Malomo zinali ndi mitanda. Munali mu Epulo, chaka cha 1977. Ashura anali atakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Chimwalirire mwamuna wake, ana ake atatu ankadya za makinawo, ndipo makinawo ankadya za msewu, pakuti alimi opita kumsika ankasiya zigamba zawo m'mawa n'kudzazitenga pobwerera.

Lachiwiri anthu anasonkhana pabwalo la msika. A Vinsenti, mlembi wa khonsolo, munthu wowonda wovala jekete ngakhale kutenthe, anawerenga chikalata. Malomo ayenera kuoneka ngati tauni. Nyumba zonse zoyang'ana msewu zikhale za njerwa zootcha mvula isanagwe, malata adzafoleredwe chaka chinacho. Wolephera adzapatsidwa malo kumunsi, kudambo, ndipo puloti yake idzapita kwa amene angathe kumanga.

Tcheyamani wa chipani anayamba kuomba m'manja, anthu onse n'kutsatira. Masiku amenewo munthu wofunsa funso pamsonkhano ankatha kukagona kumene sanakonzekere. Faines, mnansi wa Ashura wogulitsa zitumbuwa, anamukoka chitenje, koma Ashura anali ataimirira kale.

"Tikuthokoza chitukuko, bwana," anatero mwaulemu. "Ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Chikalatacho chikunena kuti njerwazo zikhale zogula?"

A Vinsenti anayang'ananso pepala. "Ayi. Chikungoti zootcha."

"Ndiye makoma akaima mvula isanagwe, puloti ndi yanga?"

"Ndi yanu."

"Zikomo, bwana. Onse pano amva."

Tcheyamani anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanapeze pomugwirira.

Pobwerera Faines anayamba kumudandaulira. "Anzanga, mudzatiphetsa. Tingopita kudamboko. Boma silikanganitsidwa."

"Kudambo zitumbuwa zanu adzagula ndi achule?" anatero Ashura. "Ine sindikukangana ndi boma. Lafuna njerwa, tilipatsa njerwa."

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kwa a Yoswa, mkulu wokonza njinga wa nyumba yakumapeto, amene paunyamata wawo anagwirapo ntchito ya zomangamanga ku Halale. Anawapeza akumata chubu.

"Mwana wanga, msana wanga unatsala ku Halale," anatero a Yoswa.

"Msana tili nawo ife, bambo. Ife tikufuna mutu wanu."

A Yoswa anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake anakhoma zikombole ziwiri.

Mabanja asanuwo anayamba kuumba pachulu cha kuseri kwa msika. Ashura ankaponda dothi kuyambira mbandakucha, dzuwa likakwera n'kusamba, n'kukhala pamakina. Mapazi ake anang'ambika moti popalasa makina ankaluma mano. Faines, amene poyamba ankati angothandiza kutunga madzi, anasanduka katswiri wa chikombole. Nkhuni ankakasenza kumapiri, ulendo wa theka la tsiku. Odutsa ankaima n'kumawaseka.

"Atelala, mwayamba kusoka dothi?"

"Eya, bweretsani thalauza lanu ndilimate nalo," ankayankha Ashura osadzutsa mutu.

Kumapeto kwa Seputembala anaotcha uvuni. Atauphwasula patatha sabata, anapeza vuto. Mbali ya kum'mawa, kumene mphepo inkawomba, moto sunafike bwino. Njerwa zake zinali zotuwa, ndipo a Yoswa atatenga imodzi n'kuifinya, inanyenyeka ngati chigumu.

"Zabwinozi zingamange nyumba zitatu basi," anatero mkuluyo. "Kuumba zina nthawi yatha. Onani mitambo."

Pomwepo mkangano unabuka. Wina anati iye ndiye anasenza nkhuni zambiri, wina anati banja lake linapereka anthu anayi. Faines anakhala pansi n'kuyamba kulira, podziwa kuti iye, wokhala yekha ndi mayi ake okalamba, ndiye adzakhala woyamba kusiyidwa.

"Inu tengani zanu, anzanga," Faines anauza Ashura. "Nzeru inali yanu. Ife dambo linatiitana kale."

Mtima wa Ashura unkamuuza kuti atenge, pakuti palibe akanamutsutsa. Anayang'ana mulu wa njerwa zofiirazo, kenako mzere wa nyumba zawo zakalezo, mmene zinayandikanirana moti pakati pake pankangodutsa nkhuku. Anatola kamtengo n'kujambula pansi, monga ankachitira poyeza nsalu yoperewera.

"Bambo Yoswa, khoma la pakati pa ine ndi a Faines likhale limodzi. Iwo mbali iyo, ine mbali ino. Chimodzimodzi mpaka kwa inu. Nyumba imodzi yaitali, makomo asanu. Zingakwane?"

A Yoswa anagwada, nayeza chojambulacho ndi chikhatho, milomo ikugwedera. "Zipinda zikachepa pang'ono, zikwana. Koma akhonsolo anati puloti iliyonse nyumba yake."

"Amenewo ndisiyireni."

M'mawa mwake Ashura anavala chitenje chake chabwino n'kukadikira a Vinsenti pamsika, pakuti linali tsiku lawo loyendera. Anawatengera kuuvuni, n'kuwaonetsa njerwa zowonongekazo ndi chojambula chija.

"Mayi, pulani inabwera kuchokera kuboma," anatero a Vinsenti akupukuta thukuta. "Ndipo ndikuuzeni zoona. Pali anthu akuluakulu amene afunsa kale mapuloti awa. Wina akufuna kumanga malo omwera mowa. Ine ndine wolemba chabe."

"Ndiye lembani, bwana. Munatiuza pamaso pa anthu kuti makoma a njerwa zootcha akaima, puloti ndi yathu. Munanenapo kuti makomawo asagundane?"

"Sindinanene."

"Nanga masitolo a pa Madisi aja, si ogundana? Kapena kugundana n'kwa olemera okha?"

A Vinsenti anatsegula chikalata chawo n'kuchiwerenga kawiri. Ashura anaona kuti munthuyo ankaopa, ndipo anatsitsa mawu.

"Mukufuna tauni, bwana. Pano pali telala, wokonza njinga, wa zitumbuwa, wometa ndi wokhoma zidebe. Mukatichotsa, tauni yanuyo idzakhala ya ndani? Ife tikukumba maziko lero. Mukafuna kudzagwetsa, mudzagwetse makoma amene munalamula nokha."

Mlembiyo anayang'ana manja a Faines otupa ndi chikombole, ndi a Yoswa amene anali atayamba kale kusongola zikhomo.

"Komiti ya khonsolo ikhoza kundifunsa mafunso ovuta," anatero pomaliza.

"Mudzawayankha monga mwandiyankhira ine. Mudzawawerengera pepala."

A Vinsenti anapumira m'mwamba. Kenako anavula jekete lija n'kulikoleka pachiwongolero cha njinga yawo, natulutsa tepi yoyezera m'chikwama.

"Khomo lililonse likhale papuloti pa mwini wake, lisalowe kwa mnzake ngakhale ndi chala chimodzi," anatero. "Mukalakwitsa pamenepo, ine sindikudziwani. Gwirani uko, mayi."

Ashura anagwira nsonga ya tepiyo n'kuyenda nayo chammbuyo kutsogolo kwa nyumba zakalezo, mpaka mlembiyo anati aime. A Yoswa anakhoma chikhomo choyamba. Kumapiri a Ntchisi mitambo inali itayamba kuda, ndipo Faines, osadikira kuti amalize kuyeza, anali atathamangira kale kukatenga makasu.