Mtsuko Womaliza wa a Asrebeb

M'mudzi wa kwawo kwa Tiruye, kumapiri a Wogera, ngakhale mwana ankadziwa kuti Lachisanu dzuwa lisanalowe moto wonse uzime, poti Sabata lawo limayamba madzulo omwewo. Tiruye naye ankadziwa. Vuto lake silinali kusamva ayi, linali kuzengereza.

Amayi ake, a Asrebeb, oumba mbiya otchuka, anamwalira atasiya mtsuko umodzi wosaotcha. Unali wopendekeka, poti manja anali atayamba kunjenjemera, ndipo pakhosi pake panatsala podinda chala chawo chachikulu. Miyezi itatu Tiruye ankangouyang'ana, kuopa kuuwononga. Kenako denga linayamba kudontha, ndipo dongo laliwisi siligwirizana ndi madzi. Lachisanu m'mawa anauika m'dzenje, n'kuunjikira ndowe, n'kuyatsa.

Ndowezo zinali zachinyezi. Zinangofuka tsiku lonse, n'kudzakolera bwino dzuwa litapendeka.

Zenebu, mnansi wake, anadutsa akuchokera kumtsinje kokasamba za Sabata. "Iwe, ukuotcha mbiya kapena ukuthamangitsa udzudzu? Zengerezu adalinda kwaukwau. Taona dzuwalo!"

Tiruye anathamangira kwa a Kes Tegegne, wansembe wa m'mudzimo, n'kuwapeza atafunda kale nsalu yoyera.

"Abambo, ndili ndi funso. Moto ndayatsa m'mawa. Ndikausiya osaukhudza, wogwira ntchito ndine kapena motowo?"

"Lamulo silifunsa kuti wayatsa liti, mwana wanga. Pa Sabata moto usapezeke pakati pathu."

"Koma dzenjelo lili kunja kwa mpanda."

"Utsi wake ukudziwa za mpanda?"

"Nanga ndikaukwirira ndi dothi?"

"Moto wokwirira ndi wogona, si wakufa."

Mafunso anamuthera, anangonena chimene anabwerera. "Ndi mtsuko wa amayi. Ndikathira madzi usweka."

A Kes anati: "Ndikudziwa. Chaka cha dzombe amayi ako anathira madzi pa mbiya khumi ndi ziwiri. Ndinalipo. Iwo sanabwere n'kudzafunsa komwe."

Tiruye anapsa mtima, ndi a Kes, ndi ndowe, ndi amayi akewo amene ngakhale ali m'manda ankamuposabe. Koma anabwerera. Dzuwa linali litakhala pamsonga pa phiri. Zenebu anamubweretsera madzi, nthabwala zitamuthera.

"Ndithire ine?"

"Ayi, ndithira ndekha."

Nthunzi inakwera, ndipo pansi pa phulusa panamveka kuthetheka kawiri. Tiruye sanafukule kuti aone, nthawi inali itatha. Anasamba m'manja n'kulowa m'nyumba. Tsiku lonse la Sabata anadya buledi wa injera wozizira ngati wina aliyense, ndipo kudzenjeko sanayang'aneko.

Lamlungu m'mawa anafukula. Mtsuko unali zidutswa zisanu. Zinayi zinali zosapsa, zongonyenyeka m'manja. Chachisanu, cha pakhosi, chinapsa bwinobwino, cholimba, chachikulu ngati chikhatho.

Pamafuwa pake panali pozizira kuyambira Lachisanu, koma kwa Zenebu kunkatuluka utsi. Tiruye anatenga phale la pakhosi lija n'kupita kukapala moto.

"Moto womwewu, sunakukwane?" anatero Zenebu, akumuikira makala.

Tiruye ananyamuka. Pobwerera makala anayamba kumuotcha, ndipo posuntha dzanja, chala chake chachikulu chinagwera podinda paja. Chinakwanapo ndendende, ndipo panali pofunda.