Pomwe Wotchi Anachedwa

Anzake a m'bandi ankamutchula Wotchi, chifukwa pa zaka makumi awiri zimene anakhala kumbuyo kwa ng'oma, palibe anamumvapo akuchedwa kapena kufulumira. Dzinali ankalinyadira kuposa lomwe anamupatsa makolo ake. Ndiye tangoganizani, munthu wotereyu kutchuka ndi nyimbo imene analakwitsa.

Zinachitikira mu situdiyo, tsiku lojambula "Nsapato za Mlamu". Kachipindako kanali kotentha koopsa, poti mwini situdiyo ankazimitsa fani kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni. Atafika pobwereza kolasi kachiwiri, ndodo inapulumuka m'dzanja lathukuta n'kugwa pansi. Wotchi anasolola ina m'chikwama chomwe ankapachika pambali, koma pomwe ankamenya n'kuti atachedwa, bandi yonse itangoti zii kudikira iye. Anapempha kuti abwereze. Mwini situdiyo anakana, ati a kwaya ina anali atafola kale panja kudikira kujambula. Woimba, yemwe analinso mwini bandiyo, anangoseka n'kunena kuti palibe adzazindikire.

Anthu anazindikira. Sabata yoyamba nyimboyo inalowa pa nambala naini pa ndandanda wa nyimbo khumi zotchuka pa wailesi, ndipo Loweruka lotsatira inali pa folo. Pomwe anthu anakondera ndi pomwepo, polakwikapo. Ovina akafika pamenepo ankaima mwendo uli m'mwamba, kenako n'kuuponda pansi limodzi ndi ng'oma yochedwayo. Ana a sukulu ankachita zomwezo pamsewu. Ngakhale wometa tsitsi wa pakona ankaimitsa makina pamutu pa munthu mpaka ng'omayo ilire.

Wotchi anasowa pokhala. Akakwera minibasi, nyimbo yomweyo. Akatsika kuti ayende pansi, inkamulandira ya m'magolosale. Ikamayandikira kolasi yachiwiri ankayembekezera mopusa kuti mwina ulendo uno ndodo ija sigwa. Inkagwa basi. Kunyumba ankangozungulira, kukhala, kudzuka, kukaima pazenera, zala zikugogoda chilichonse chomwe zapeza. Mkazi wake, amene ankasoka zovala pakhonde, anamuuza kuti ngati mipando ili ndi nsikidzi anene, kusiyana n'kumamuzunguza mutu.

Zinafika povuta pa nthawi yoyeserera. Bandi inaitanidwa kukaimba ku holo yaikulu Lamulungu masana, ndipo woimba analamula kuti nyimboyo ikamveke ndendende ngati pa wailesi. Anakumana mu galaja ya woimba bezi, pakati pa matayala akutha ndi zigubu za oilo. Koyamba Wotchi anamenya pa nthawi yake, manja atakana kulakwitsa. Kachiwiri anadikira mopitirira, mpaka wa gitala analowa yekha. Kachitatu anagwetsa dala ndodo monga anamulangizira mkazi wake, koma ya m'chikwama inakodwa pa zipi. Anaimvetsera nyimboyo pa foni kambirimbiri, akuwerenga ndi phazi. Kuchedwako sikunali theka, sikunali kota, sikunkawerengeka n'komwe. Kunali kutalika kwa ulendo wa dzanja lodzidzimuka, ndipo munthu sadzidzimuka mwadala.

Woimba anakhala pa tayala, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Akulu, ine ndimakulemekezani. Koma anthu akubwerera pamenepo. Zikakanika Lamulungu, tizingoika ng'oma za mu kompyuta."

"Nanga ine?"

"Inu mupuma kaye."

Woimba ng'oma akapuma kaye sabwereranso, izi aliyense m'galajamo ankadziwa. Wa bezi anayamba kukonza waya womwe sunawonongeke. Wotchi anagwidwa ndi mantha, komanso ndi mkwiyo: oimba aulesi onse amene anawakalipira pa zaka zonsezi chifukwa chochedwa anali pa ntchito, ndipo iye ankachotsedwa chifukwa cholephera kuchedwa.

Loweruka nyimboyo inafika pa nambala wani. Foni inalira osalekeza, aneba anabwera kudzagwira chanza, mlongo wake amene anakhala zaka akunena kuti ng'oma si ntchito anatumiza uthenga wodzaza ndi timitima. Mwini wakeyo anali kuseri kwa nyumba, atavundikira ndowa, akugwetsa ndodo n'kutola, kugwetsa n'kutola. Mkazi wake anamupeza pomwepo.

"Abambo, anthu akukuyamikirani uko, inu nkhope ngati mwataya chikwama."

"Akuyamikira thukuta, osati ine."

Mayiyo anamuyang'ana mwachisoni, n'kumupempha kuti ndowayo asaiboole.

Lamulungu holo inadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Woimba anaisunga nyimboyo kumapeto, kotero Wotchi anamenya nyimbo zisanu ndi ziwiri isanafike. Pambali pa siteji panali kompyuta yotsegula, yongodikira. Nyimbo itayamba anthu anakuwa, pansi panagwedezeka. Vesi yoyamba inadutsa, kolasi inadutsa, vesi yachiwiri inatha mofulumira kuposa masiku onse. Pofika pamalo paja analibe nzeru ina iliyonse. Anangoimika manja m'mwamba n'kudzutsa mutu.

Kutsogolo kwake kunali miyendo mazanamazana ili m'mwamba. Pamzere woyamba panali mayi wina wonenepa, chikwama chili kukhwapa, mwendo ukunjenjemera, koma osautsitsa. Mayiyo sankawerenga kanthu. Anali ataivina nyimboyo kukhitchini kwake mwezi wathunthu, ndipo kuchedwa kuja kunali kutamulowa m'mafupa. Wotchi anayang'anitsitsa phazi lake. Litayamba kutsika, iye anamenya, ndipo holo yonse inaponda pansi nthawi imodzi.

Anthu anaumirira kuti aibwereze, ndipo anaibwereza kawiri. Ulendo uliwonse Wotchi ankafunafuna phazi la mayi uja, ndipo silinamugwiritse mwala. Mpando wake anaupulumutsa. Komabe chimwemwe chake chinali chosakanikirana ndi manyazi, poti moyo wake wonse ndi iye amene ankauza anthu poponda.

Atatha, akumasula ng'oma kuti azilongedze, woimba anabwera n'kumukumbatira, malaya ali chonyowa. Anati kompyuta ija aiwale, zinali zongolankhula. Anati a wailesi akufunsa kale nyimbo yotsatira, ndipo wasungitsa malo ku situdiyo Lachiwiri m'mawa, chitsulo chisanazizire.

"Koma akulu, mukalakwitsenso penapake ngati paja."

"Pati?"

"Paliponse. Inu ndi amene mumadziwa zimenezi."

Wotchi anafuna kunena kuti sadziwa, kuti pa zaka makumi awiri analakwitsa kamodzi kokha, ndipo sanachite kufuna. Koma woimba anali atapita kale kukajambulitsa ndi anthu, ndipo Lachiwiri linali mkuja.