Tambala wa Akamwini Awiri

"Ndinayamba ndine," anatero a Sitima, akudziguguda pachifuwa kuti pasakhale wosokoneza munthu amene akunenedwa.

"Munayamba kumva," anayankha a Makina. "Kumva kwa ine."

A Goodman, mlangizi wa ziweto wochokera ku Chiringa, anakhala pakati pawo, kamera ili pamwendo. Bungwe lina, mwa mabungwe aja anabwera ndi ndale za matipate, linawatuma kuti apeze mlimi amene anatulukira nzeru ya nkhuku zosafa ndi chitopa, kuti limupatse njinga. Njinga inali imodzi. Otulukira anali awiri, akamwini a pabwalo limodzi, okwatira Edina ndi mng'ono wake Rozaria.

Nzeruyo inali yakuti chitopa chikasesa mudzi, nkhuku zopulumuka osazidya, osazigulitsa. Zisiyidwe ziswane, poti anapiye amatengera kulimba kwa makolo.

"Ndinazinena pamaliro kwa Chiwalo, chaka cha referendamu, anthu akumva," anatero a Makina.

"Ine ndinaziganiza kale, chaka cha chilala," anatero a Sitima. "Kungoti sindinauze munthu. Ndinkadikira kuti zikhwime."

"Nzeru yosungira m'mimba ndi mpweya, achimwene. Ikatuluka sitiyamika."

A Goodman anakanda m'mutu. "Pepani madala, ndifunse. Nkhuku zopulumukazo anazisankha ndani?"

Akamwini aja anayang'anana.

"Chitopa," anatero a Sitima.

"Ndiye njinga ndipatse chitopa?"

"Ayi! Chitopa chinkangosankha osadziwa. Woona kuti chikusankha ndinali ine."

"Munaonera kuti, inu muli ku Mozambiki kosuma chimanga?" anafunsa a Makina.

"Ndinaona ndisanapite."

"Chitopa chisanabwere?"

"Wanzeru amaona zisanabwere."

Apa a Goodman anali atasokonezeka kuposa mmene anafikira. Anangogwira mfundo imodzi imene anaimvetsa. Abungwe ankafuna chithunzi cha tambala wina wofiira, kholo la nkhuku zonsezi, amene chitopa chinamulephera mobwerezabwereza. Popanda chithunzicho, njinga siituluka.

"Tambalayo amagona kwa yani? Mwini wake ndiye anyamule pojambula."

"Mumtengo wa mango," anayankha onse awiri. Mtengowo unali pakati penipeni pa nyumba zawo.

Anamwaza madeya pabwalo. Kunabwera misoti, anapiye, ndi bakha wa eni ake. Tambala sanaoneke. A Makina anasuzumira kuseri kwa nkhokwe. A Sitima anayang'ana mumtengo, masanasana.

Nthawi yomweyo Edina anatulukira ndi beseni la madzi, nagwada. "Alendo asambe m'manja."

"Amayi, tambala uja mwamuona?" anafunsa a Sitima.

"Uyu akubwera ndi Rozaria m'mbalemu. Paja dzulo munati mlendo wa boma sadya nkhwani, aphikiridwe nkhuku. Nanga tikanapha misoti ikuikira?" Anaika sopo pambali. "Koma kulimba kokha munanena zoona, bambo. Watithera nkhuni."

A Goodman anabweza kamera m'chikwama, nasamba. Anawapatsa nthutumba monga mwa ulemu wa mlendo, ndipo anaitafuna nthawi yaitali. Potsanzika anati njinga aipereka kwa mlimi wina wa ku Fort Lister amene anakumba damu la nsomba, poti damu silithawa kamera.

Akamwini aja anawaperekeza mpaka pamsewu, wapansi monga mwa masiku onse. Pobwerera a Makina anatsokomola.

"Kodi zoti mlendo aphikiridwe nkhuku, anayamba kunena ndani?"

"Munayamba ndinu," anatero a Sitima.