Komiti Yotukula Achinyamata Asanu ndi Mmodzi

Komiti yotukula achinyamata pa chilumba chathu inali ndi mamembala khumi ndi atatu. Achinyamata otukulidwawo anali asanu ndi mmodzi. Anzawo onse anakwera sitima kalekale kupita kumtunda, ndipo ankangobwera kukachitika maliro kapena kudzaonetsa ana kwa agogo awo.

Komitiyo inkakumana Lachitatu lililonse m'chipinda cha kuseri kwa positi ofesi. Munali mabenchi anayi, tebulo lotsimphina ndi kabati yachitsulo yokhoma. M'kabatimo munali mipira isanu ndi itatu imene bungwe lachifundo la kumtunda linatumiza zaka zitatu zapitazo, ndipo panalibe ndi umodzi womwe umene unakhudzidwapo ndi phazi. Apampando, omwe anali mphunzitsi wamkulu asanapume pa ntchito, ankati mpira ukaumenya umatha, nanga alendo akadzafunsa za mipira adzawaonetsa chiyani?

Bungwe la kumtundalo linkatumizanso masamba a tiyi, shuga, mabisiketi ndi malaya olembedwa pamsana. Kamodzi pa chaka linkaitana mamembala awiri kukagona ku hotela masiku atatu, kukaphunzira mmene angamvetsere maganizo a achinyamata. Lamulo lake linali limodzi lokha: gulu lililonse likhale ndi achinyamata osachepera asanu ndi mmodzi.

Mwezi uliwonse Apampando ankalankhula kwa achinyamatawo, ndipo mutu umene ankaukonda unali wa kuipa kwa ulesi. Nkhaniyo inkayamba thuu koloko masana. Choncho wina ankasiya maukonde, wina uvuni wa buledi, wina injini atayiphwasula kale, kuti adzakhale pa benchi maola awiri n'kumamva kuti kungokhala n'koipa.

Mlembi wa komitiyo anali mayi wa pa kauntala ya positi, wamasiye, amene aliyense ankangomutchula kuti Alembi. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene chiyambire ali wamng'ono ankakhalira kushedi kwa amalume ake okonza injini za maboti. Anthu anamupatsa dzina loti Sipanala, ndipo ngakhale amayi ake anafika potopa n'kuyamba kumuitana choncho. M'kaundula wa gulu, Sipanala anali wachisanu ndi chimodzi.

Lachitatu lina komiti ili mkati mokambirana ngati mabisiketi azigawidwa pemphero lisanachitike kapena litachitika, Sipanala anagogoda n'kulowa. Anali atasamba m'manja koma m'zikhadabo munali mukadali mwakuda. Ananyamula pepala m'kathumba ka pulasitiki.

"Pepani akuluakulu, ndakusokonezani. Sukulu ya umakaniko ya kumtunda yanena kuti inditenga ulere, bola gulu la kwathu lindichitire umboni. Pakufunika chidindo ndi siginecha ya Apampando. Fomuyi ikuyenera kunyamuka pa sitima ya pa twente-faifi."

Apampando anavala magalasi, nawerenga fomuyo kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale kumbuyoko kunalibe chilembo.

"Maphunzirowa ndi a nthawi yaitali bwanji, mwanawe?"

"Zaka ziwiri, bambo."

"Ndipo zaka ziwiri zonsezo uzikakhala komweko?"

"Eya, sukuluyo ili komweko."

 Aliyense ankachotsera mumtima mmodzi pa asanu ndi mmodzi. Mayi wogulitsa nsalu, amene chaka chimenecho inali nthawi yake yopita ku hotela, anabweza bisiketi m'mbale.

"Nkhaniyi ndi yabwino kwambiri," anatero Apampando. "Ndipo chifukwa choti ndi yabwino, sitingaipupulume. Alembi, lembani kuti tasankha kakomiti koiunika."

Alembi analemba. Kakomitiko kanali ndi anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo anali atagonekedwa m'chipatala.

Sabata yotsatira kakomitiko kanapeza kuti pa fomu panali polakwika: dzina la gulu linalembedwa mopanda chilembo chachikulu. Sabata inayo Apampando anati sangasayine pepala lopanda chidindo, poti siginecha imabwera pambuyo, ndipo chidindo sichikudziwika komwe chili. Anafunafuna m'kabati, anasuntha mipira yonse, osachipeza.

Kunyumba mayi ndi mwana ankalankhulana za mchere ndi sopo basi. Tsiku lina akutsuka mbale, Sipanala anafunsa osatembenuka.

"Amayi, inu mumakhala m'komiti muja. Munandilankhulirako?"

"Mlembi salankhula, amalemba."

"Koma mukufuna ndipite?"

"Ndi mayi wanji amene safuna kuti mwana wake aphunzire? Tatsukanso poto uyo, m'mbalimu mwatsala mafuta."

Alembi sananame, koma sananenenso zonse. Chimwalirireni amuna awo, nyumbayo inkamveka ya anthu chifukwa cha mtsikanayo: nsapato zake zolemera pakhomo, mabawuti amene ankapezeka m'kapu ya tiyi, kuimba kwake kosalongosoka akamasamba. Akaganiza zoti adzidya okha patebulo zaka ziwiri, ndipo mwina moyo wonse poti opita kumtunda sabwerera, ankaona kuti kakomiti kaja kakugwira ntchito yotamandika.

Kenaka kunabwera kalata yoti mayi woyendera magulu wochokera ku bungwe afika Lachitatu la pa twente-filii. Komiti inadzuka. Anapaka laimu pakhoma, anabwereka maluwa a pulasitiki, anatulutsa mipira n'kuipukuta bwino n'kuindandalika patebulo. Achinyamata anauzidwa kuti afike naini koloko atavala malaya a gulu, ndipo Apampando anawalembera mawu oti adzanene: wa buledi adzanene kuti poyamba analibe masomphenya, mapasa a msodzi adzanene kuti anali pafupi kulowerera.

Mlendoyo anafika pa boti la bungwe nthawi yake isanakwane. Anali mayi wamng'ono thupi, wa kamera pakhosi, woseka ndi aliyense. Anamukhazika kutsogolo. Naini koloko inakwana, benchi ya achinyamata ili mbee. Hafu pasiti naini, Apampando anayamba kufotokoza mbiri ya gulu kuyambira tsiku limene maganizo anawafikira. Teni koloko itayandikira ananong'oneza wometa tsitsi, bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi amene anali membala wamng'ono pa onse, kuti apite kuseri akayese malaya a gulu. Wometayo anabwerako malayawo atathera pamchombo, nakakhala yekha pa benchi ya achinyamata, manja atapinda pamimba.

"Alembi," ananong'ona Apampando, thukuta lili kamukamu, "tathamangani mukaone ana aja. Mwana wanu ndiye akudziwa."

Alembi anawapeza onse kushedi kwa achimwene awo. Achinyamatawo anali atakhala pa boti lovundikira, malaya a gulu atavala bwinobwino, akudya buledi wotentha. Achimwene awowo ankapala pulagi ya injini ndi msasa, ngati sakuona chilichonse.

"Mukuchita chiyani kuno? Mlendo wafika kalekale."

"Tikudziwa, amayi," anatero Sipanala. "Tinaliona boti. Tikubwera, koma tili ndi timfundo tathu. Apampando amati msonkhano wopanda mfundo ndi macheza."

Mmodzi wa mapasa anati akufuna mipira iwiri, yomenya. Mnzakeyo ananena zomwezo. Wa buledi anati nkhani ya ulesi izichitika Lamlungu madzulo, chifukwa mwezi watha anapsereza mabanzi makumi anayi. Mtsikana wosoka zovala anapempha kiyi wa chipinda kuti Loweruka aziyeserako kuimba ndi mnzake. Sipanala anangotulutsa kathumba ka pulasitiki kaja.

"Za mipira ndikawauza," anatero Alembi. "Koma fomuyo ukudziwa kuti chidindo chinasowa."

"Sichinasowe, amayi. Chili m'chikwama chanucho, m'kathumba ka zipi, mwachikulunga m'mpango. Ndinachiona tsiku lija munandituma kukatenga mankhwala a mutu."

Achimwene awo anasiya kupala pulagi. Anzake a Sipanala anayang'ana pansi, wina anayamba kuchotsa nyenyeswa pa malaya.

"Ndiye masiku onsewa unangokhala chete?"

"Ndimadikira kuti mutulutse nokha."

Alembi anakhala pa chigubu cha mafuta, osasamala za diresi lawo la msonkhano. Anafuna kunena kuti mlembi ali ndi udindo wosunga katundu wa gulu pamalo otetezeka, koma mawuwo anawamva okha mmene akanamvekera.

"Kumeneko ukadwala adzakuphikira ndani?" anafunsa m'malo mwake.

"Ndidzaphika ndekha, monga ndimachitira inu mukadwala."

"Mlongo," anatero achimwene awo, "mwanayu zimene ndimadziwa ine wazimaliza. Injini zatsopanozi ine ndimangoziyang'ana. Akakhala pano azingondithandiza kuziyang'ana."

Alembi anatsegula chikwama. Inki ya chidindo inali itauma, moti anachita kuchiuzira mpweya kangapo, n'kusindikiza fomuyo pamsana pa boti ndi manja awiri. Dzina la gulu linatuluka lotuwa koma lowerengeka.

Analowa m'chipinda cha msonkhano onse asanu ndi awiri, Alembi patsogolo. Wometa tsitsi atawaona anapumira m'mwamba n'kusuntha kuti awapatse malo. Achinyamatawo sanakhale. Sipanala anapita molunjika kutebulo, anagwada pang'ono mwaulemu, naika fomu ndi cholembera pakati pa mipira.

"Bambo, chidindo chapezeka."

"Kodi ndi chiyani chimenecho?" anafunsa mlendo, akuwerama kuti aone. Atawerenga anawomba m'manja. "Mtsikana kukaphunzira umakaniko? Nkhani ngati izi ndi zimene timazisowa m'malipoti. Bambo, sayinani ndikujambuleni."

Apampando anayang'ana fomu, anayang'ana kamera, anayang'ananso mayi wogulitsa nsalu. Kenaka anakonza tayi.

"Mwana uyu," anatero, "ndi chipatso cha ndondomeko imene komiti ino inaikonza mwakachetechete kwa zaka zambiri. Ena ankati tikuchedwa. Ife timati tikuunika."

Anasayina kawiri, poti ulendo woyamba mlendo anati chithunzi sichinaoneke bwino. Mapasa anapezerapo mwayi wofunsa ngati angatenge mipira iwiri kuti mlendo awajambule akusewera, ndipo Apampando, kamera ikadali pa iwo, anati atenge itatu.

Tiyi atamwedwa, mayi wogulitsa nsalu analephera kupirira.

"Pepani mayi, tingofunsa nawo. Mwanayu akapita titsala ndi asanu. Ndiye za lamulo lija zikhala bwanji?"

"Aa, kalata ija simunailandire?" anatero mlendo. "Musadandaule nazo. Za achinyamata tikutseka mwezi wa mawa. Amene amatithandiza asintha maganizo, chaka chamawa tikuyamba za okalamba. Tikufuna magulu a anthu osachepera khumi, a zaka makumi asanu ndi limodzi kupita m'tsogolo. Kaya pachilumba pano angapezeke?"

Mamembala anayang'anana. Kwa nthawi yoyamba chiyambire gululo, anthu ofunika kuthandizidwa anali ambiri m'chipindamo kuposa ofuna kuthandiza.

"Angapezeke," anatero Apampando pang'onopang'ono. "Pafunika kufufuza, koma angapezeke."

Fomu inapita pa sitima ya Lachisanu, ndipo patatha milungu isanu ndi umodzi Sipanala anaitsatira. Ananyamuka m'mawa kukuwaza mvula. Amalume ake anamupatsa bokosi la zitsulo limene linali lolemera kuposa sutukesi yake. Alembi anamupatsa envelopu khumi zomata kale masitampa, zolembedwa kale adiresi ya kwawo, ngakhale onse awiri anali ndi foni.

"Uzilemba. Ndikufuna ndizilandira ndekha pa kauntala."

"Ndizilemba, amayi."

"Ndipo zikhadabozo uzisamba, kumeneko kuli anthu."

Sitima itachoka Alembi sanadikire kuti ibisike. Anabwerera ku positi, anatsegula zenera la kauntala, nagulitsa masitampa awiri tsiku lonse.

Lachitatu lotsatira komiti inakumana kuti isinthe dzina. Zimenezo zinatenga mphindi zisanu. Chimene chinavuta ndi kaundula. Apampando anati iwo sangalembedwe ngati wokalamba chifukwa ndi amene akutsogolera ntchito yothandiza okalamba. Mayi wogulitsa nsalu anati ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo mnzake amene anaphunzira naye kalasi imodzi anatsokomola mpaka anamupatsa madzi. Aliyense anali ndi dzina la mnzake loti alembetse. Pofika faifi koloko m'kaundula munali munthu mmodzi yekha, membala uja anali m'chipatala, poti panalibe womukanira.

Wometa tsitsi anakweza dzanja n'kufunsa kuti iye tsopano ali mbali iti, popeza unyamata anamulanda ndipo ukalamba sanaufike. Anamusankha kukhala wachiwiri kwa mlembi, ndipo Alembi anamupatsa buku ndi cholembera nthawi yomweyo n'kupempha kuti atuluke msanga, chifukwa anasiya zovala padzuwa ndipo kunyumba kunalibe woti azianule.