Mzere Wofiira pa Lamba wa Sarnai

Kawotchi ka woyimbira katangolira, Sarnai anaomba mfuti kanayi ndipo mbale zinayi zachitsulo zinagwa motsatizana. Anathamangira pazenera lachiwiri loomberapo, dzanja lamanzere likutsikira kale m'chiuno kukatapa zipolopolo zina. Dzanjalo linagwira mphepo. Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso ngati mtedza wotayika: zipolopolo zonse za mbali yamanzere ya lamba zinali kugudubuzika m'fumbi.

Zakumanja zokha sizikanakwanira mbale zomwe zinatsala. Anabwerera, nagwada mfuti italoza kutsogolo monga lamulo linenera, n'kuyamba kutola chimodzichimodzi uku anthu akuonerera. Pomwe mbale yomaliza imagwa, ngakhale mphepo ya m'chigwamo inali itachita manyazi.

"Mphindi imodzi ndi masekondi asanu ndi anayi," anatero a Baasan, woyimbira wa gawo limenelo la mpikisano, osamuyang'ana kumaso.

"Achimwene, wandigwetsa ndi lambayu. Sindingabwereze?"

"Mlongo wanga, lambayo ndi wako, si wanga. Chikanakhala chitsulo chathu chakana kugwa, bwenzi ndikukubwezera poyambira. Madzi akatayika saoleka."

Mpikisano wa tsikulo, m'chigwa cha kunja kwa mzinda wa Ulaanbaatar ku Mongolia, unali wosankha mkazi mmodzi yekha wopita ndi timu ku Thailand. Aliyense ankadziwa kuti malowo ankalimbirana anthu awiri: Sarnai ndi Yanjin, mayi wa ana awiri amene anayamba kuombera Sarnai akadali pasukulu. Mpaka m'mawa umenewo, Sarnai ndiye anali patsogolo.

Tulga, chibwenzi chake, anabwera atatambasula manja onse awiri kuti alandire lamba, monga ankachitira kwa zaka zitatu. Lamba saikidwa pansi, ndipo salumphidwa. Ukamuvula umam'patsa munthu amene umamukhulupirira. Chikondi chawo chinayambira pomwepo. Tsiku loyamba Sarnai kubwera kubwaloli anasowa pokoleka lamba wake, ndipo mnyamata wina wamanyazi anati, "Phewa langali lilibe ntchito."

"Usadandaule, Sarnai wanga," anatero Tulga, akumupukuta fumbi patsaya. "Zimachitika. Mwina si chaka chako."

"Magawo atsala atatu."

"Inde, atatu. Ndikungonena."

Sarnai sanavule lambayo. Sanadziwe chifukwa chake. Anangoti akumva kuzizira m'chiuno, nalowera mu ger yodyeramo, chihema chozungulira cha kumeneko.

Mkatimo munali fungo la khuushuur, zitumbuwa za nyama zokazinga kumene, ndi tiyi wamkaka wamchere. Yanjin anali atakhala pafupi ndi mbaula, mafuta akuyenderera m'zala.

"Wafika mkwatibwi!" anakuwa. "Anzathu akamakwatiwa amawaza mkaka, iwe wayamba kuwaza zipolopolo? Ukufuna zimere?"

Anthu anaseka. Sarnai anayesa kuseka nawo koma milomo inakana.

"Achemwali, lero sekani. Tsiku ndi lanu."

"Langa? Kupambana munthu amene wagwada pansi ngati akutola ndowe zosonkhera moto? Zimenezo ayi. Bwera naye kuno lambayo, ndione chomwe wam'lakwira."

Palambapo panali zopanira zinayi, ziwiri kumanzere, ziwiri kumanja, chilichonse chogwira zipolopolo zinayi kuti munthu azitapa kamodzi. Mphamvu ya chopanira ili pa timabawuti take: ukamangitsa, zipolopolo zimakana kutuluka; ukalekerera, zimagwa pothamanga. Sarnai anatha chilimwe chonse akufunafuna pakati pake. Atapapeza, anajambula kamzere ka kyutekisi kuchokera pamutu pa kabawuti kalikonse kufika pachopanira, kuti kakangotembenuka pang'ono, mzerewo uduke, iye aone.

M'mawa umenewo, asanaitanidwe, anali atayang'ana. Mizere yonse inali yowongoka.

Yanjin anapukuta zala pabondo, nakankha chopanira chakumanzere ndi chala chimodzi. Chinatseguka ngati pakamwa pa nkhalamba yogona.

"Ichi ngakhale ndudu sichingagwire." Anasendeza lambayo kufupi ndi kuwala kolowera padenga. Kuseka kunam'thera. Anatsitsa mawu. "Mng'ono wanga, umapaka mitundu ingati?"

"Umodzi."

"Ndiye maso angawa akalamba. Kumanjaku n'kofiira moderako. Kumanzereku n'kofiira kowala, kwa atsikana opita kudansi." Anadinikiza chikhadabo pamzere wina, ndipo utoto unabonyoka. "Sunaumenso bwino. Waumva fungo?"

Sarnai analimva. Anauzindikiranso mtunduwo. Kabotolo kake kankakhala pashelefu ya pagalasi kunyumba, ndipo anali atakapaka kamodzi kokha. Koma ka mizere kanali kena, kofiira moderako, komwe kankakhala m'kathumba kam'kati ka chikwama cha mfuti. Kameneko kanali mphatso yoyamba imene Tulga anam'patsa, atakakulunga m'pepala la zigoli. Sanauzepo munthu chifukwa chimene ankajambulira mizere ndi kabotolo kameneko basi, mpaka kumakathira madontho osungunulira kakayamba kuuma. Chinali chinsinsi chake: pothamanga ndi mfuti, ankamva ngati Tulga wamugwira m'chiuno.

"Wagwira lambayu ndani lero?" anafunsa Yanjin.

Sarnai anakumbukira. M'mawa, pamene oombera onse ankayendera gawolo ndi a Baasan, lamba anali paphewa limodzi lokha padziko lonse lapansi.

"Ine sindinanene kanthu," anatero Yanjin, akum'bwezera. "Koma wakutsina khutu ndi mnansi."

Sarnai anam'peza Tulga kuseri kwa magalimoto, atatsamira galimoto lawo, akuyang'ana mapiri. Anali wokongola monga tsiku loyamba lija, ndipo zimenezo zinam'pweteka Sarnai koposa.

"Tulga, ndibwereke kyutekisi."

"Kyutekisi? Ine ndiyenda nayo bwanji?"

"Thumba lamanzere la jekete. Dzanja lako likungobwerera mmenemo kuyambira m'mawa."

Mphepo inadutsa pakati pawo ndi fumbi lake. Tulga anatulutsa dzanja pang'onopang'ono. M'mphepete mwa chikhadabo cha chala chachikulu munali kadontho kofiira kowala.

"Ndimvere kaye," anatero.

"Ndikumva."

"Tsiku la ukwati wathu lija, limene lagundana ndi ulendo wa ku Thailand, anatisankhira ndi lama, wansembe wa ku kachisi. Si ine. Chaka chino palibenso lina logwirizana ndi zaka zathu zobadwa, unamva wekha. Amayi auza kale abale onse mpaka ku Khovd. Nkhosa asankha kale. Ndiye ndikawauze kuti mkwatibwi wapita kukaombera zitsulo kunja?"

"Unati ndipite. Unanena pamaso pa amayi ako, pamaso pa bambo anga. Unati tsiku lina lidzapezeka."

"Ndikanati chiyani? Ndikanakuletsa ukanandida."

"Ndiye unaona kuti kuli bwino ndigwade m'fumbi anthu akuonerera."

"Ndinangotembenuza pang'ono! Ndimati mwina zigwa ziwiri, utsalire pang'ono, basi. Thailand sathawa, Sarnai. Chaka chamawa ndidzakuperekeza ndekha. Ndachita izi chifukwa ndimakukonda."

Sarnai anayang'ana kabotolo kali m'manja mwake. Ankayembekeza kuti akwiya, akuwa, mwina am'menya nako kumaso. Koma chimene chinatuluka chinali funso laling'ono.

"Mtundu umene unandigulira uja, ukuukumbukira?"

Tulga anayang'ana kabotoloko, nayang'ana iye. "Si womwewu? Wofiira."

"Wofiira," anavomera Sarnai. "Khoswe amaluma uku akuuzira. Ndimayesa ndi nthano."

Anapita patebulo lokonzera zida yekha. Anapala utoto wowala uja ndi nsonga ya mpeni, namanga timabawuti, akuyesa ndi zipolopolo zoyeserera, kudumpha, kumanganso. Ntchito ya chilimwe chonse sikanatheka m'mphindi khumi, koma anafika pafupi. Kenaka anatulutsa kabotolo kakale m'kathumba kam'kati. Anakayang'ana nthawi yaitali, nakabwezera osatsegula. Mizere yatsopano anajambula ndi cholembera chakuda chomwe anabwereka kwa a Baasan.

Masana amenewo anaombera ngati munthu amene alibenso china choti ataye. Gawo loyamba mwa atatu otsala aja anapambana. Lachiwiri anapambananso, mpaka Yanjin anagwira mutu n'kunena kuti, "Mwanayu wadya chiyani, nyama ya mmbulu?" Pa lachitatu chopanira china chinaumirira pang'ono, chipolopolo chimodzi chinakana, koma palibe chinagwa.

Dzuwa lisanalowe a Baasan anamata pepala la zotsatira pakhomo la ger. Yanjin anali pamwamba. Sarnai anali pansi pake, kusiyana kwake kochepa kwambiri, kosakwana ngakhale theka la zimene anataya atagwada m'fumbi muja.

Yanjin anam'kokera pambali. "Tiye kwa a Baasan. Ukanene. Ine ndichitira umboni."

"Asintha zigoli?"

"Sangasinthe. Koma uyo sadzapondanso pabwalo lino."

"Musiyeni, achemwali. Ndi nkhani ya kunyumba, ndikaimaliza ndekha. Inu mwaombera bwino, malowo ndi anu." Kenaka anafunsa kuti, "Kodi amuna anu akupita nawo?"

"Uja? Ndege amaiopa ngati ngamira yolusa. Komanso ana atsala ndi yani?"

"Ndiye lamba wanu akakugwirirani ndani kumeneko?"

Yanjin anamuyang'anitsitsa, kenaka anaseka chapansipansi. "Tikiti udzigulira wekha, ndikuuziretu. Ndipo ndimaliza mkonono."

"Ndidzapirira."

Tulga anali ataima pafupi ndi galimoto, chitseko atatsegula kale. Nkhope yake inali yachisoni, koma mapewa anali atamasuka ngati a munthu amene watula katundu. Sarnai atayandikira, iye anatambasula manja onse awiri, mwachizolowezi.

"Pepa, Sarnai wanga. Ndidzakulipira moyo wanga wonse. Tiye kunyumba, amayi akudikira kuti akuyeze chovala."

Sarnai anamasula lamba m'chiuno. Anam'pinda bwinobwino, zopanira zili kunja, natembenuka n'kum'koleka paphewa la Yanjin.

"Mundigwirireko, achemwali, ndikatenge chikwama changa m'galimotomu. Ndikwera nanu."

"Sarnai," anatero Tulga, manja akadali m'malere. "Nanga tsiku lija?"

"Tsikulo ndi labwino, lama sananame," anayankha, akutulutsa chikwama cha mfuti kumpando wakumbuyo. "Mukawauze amayi anu kuti musalitaye. Ine ndidzakhala ku Thailand, ndikugwira lamba wa munthu."

Anatsegula kathumba kam'kati, natulutsa kabotolo kofiira moderako, nakaika padenga la galimoto pafupi ndi dzanja la Tulga.

"Uwu ndiye mtundu wake," anatero.