Udzu wa ku Nyika

Thandazani ankatola njere za udzu pa masokosi a bambo ake, imodziimodzi, ndi zikhadabo. Masokosiwo anali aubweya, okhuthala, osayenera kutentha kwa Lusaka. Anali atawachapa pamodzi ndi zovala zina za malemu kuti zigawidwe kwa achibale, koma njerezo zinakana kuchoka ndi madzi. Anakhala pakhomo la kukhitchini, pomwe ankamva zonse za m'chipinda chochezera.

Maliro anali ataikidwa dzana. Mipando inali ikadali panja, ndipo amayi ake, a Deborah, anali pa matiresi pansi, atatsamira khoma. Wolankhula anali a Imelda, mlongo wa malemu, amene chichokereni kwawo ku Chelstone tsiku la imfa anali asanabwerereko.

Nkhani inali ya ku Nyika. A Abson, malemuwo, ankakonza mafiriji m'kashopu ka mu Cha Cha Cha Road, ndipo chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikafika, ankatseka kashopuko n'kukwera basi ya ku Lundazi, n'kupitirira mpaka kumapiri a udzu wokhawokha a kumalire ndi Malawi. Ankati akupita kuholide. A Imelda anati iwo sanakhulupirirepo zimenezo. Kwawo ndi ku Katete. Ku Nyika kulibe mbale, kulibe munda, kulibe ngakhale manda a munthu wawo.

"Holide ni ya bazungu, mulamu," anatero. "Mwamuna wa mu Kabwata sangalipile basi kuti akaone mauzu. Kuli mukazi kuja. Kapena na bana."

Kevin, mchimwene wa Thandazani, anati ngati kulidi ana, tsiku lina adzagogoda pageti kudzafuna gawo la nyumba ino, choncho ndi bwino iye apiteko akaone yekha. A Imelda anakumbutsa za mayi wina amene anaima kumbuyo kumanda, osalira, ndipo palibe anamudziwa. Anali atavala juzi, mu Okutobala muno. Kodi ameneyo si wochokera kozizira? Thandazani anaganiza kuti munthu wa kozizira ndiye akanayamba kuvula juziyo.

Iye yekha m'nyumbamo ndiye anafikako ku Nyika. Chaka chatha dokotala analetsa bambo ake kuyenda okha, ndipo iye, poti anali atangomaliza sukulu, anawaperekeza. Anakumbukira zitunda zopanda mitengo, nkhungu yoyenda pansi ngati ziweto, mbidzi zitaima chapatali, ndi kanyumba kamene ankasonkhamo moto ngakhale masana. Atabwerako anangonena kuti kunkazizira. Palibe anafunsa zambiri.

"Iwe, bwela kuno," anaitana a Imelda. "Unaona ndani kuja?"

Thandazani analowa n'kugwada pafupi ndi chitseko. Anayankha chapansipansi kuti anaona mlonda wa pamalopo, ndi mkazi wake amene ankawagulitsa mbatata.

"Mukazi wa mulonda," anabwereza a Imelda, akuyang'ana Kevin. Kenaka anafunsa za nsapato zatsopano zimene mtsikanayo anabwera nazo ulendo umenewo. Mwana wofatsa, anatero, ndi wosavuta kumutseka pakamwa.

Thandazani anayang'ana pansi. Nsapatozo bambo ake anamugulira ku Chipata chifukwa zakale zinang'ambika pamiyala, koma anadziwa kuti yankho lililonse likhala umboni wina.

Apo m'pamene a Deborah analankhula, koyamba chiyambireni m'mawa. Anati amuna awo ankawaitana chaka chilichonse kuti apitire limodzi, iwo n'kumaseka, n'kumati ndani angasiye nyumba kukazizidwa m'tchire. Tsopano akuona kuti ankawaitana podziwa kuti akana. Ndiye panali za foni. Akakhala kumeneko ankaimba m'mawa, n'kungoti "Debo," basi. Kenaka phokoso lokhalokha, ngati wailesi yosochera. Iwo ankati ndi netiweki, n'kudula.

"Manje naziba," anatero. "Panali munthu pambali pake. Anali kubisa foni."

Anamasula duku lakuda kumutu, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pansi. Anati mawa amayi a kutchalitchi akabwera kudzawatenga kupita kumanda, awauze kuti apite okha. Iwo sangakagwadire munthu amene anawanamiza zaka zonsezi.

A Imelda anakonza chitenje chawo. Ngakhale iwo sanayembekeze kuti nkhaniyo ifika pamenepo.

Ana salankhula pabwalo la akulu, ndipo Thandazani sankalankhula ngakhale pa anzake. Koma anadzutsa mutu.

"Mami, sinali netiweki."

"Iwe, akulu bakamba," anatero Kevin.

Sanamuyang'ane. "Kuja foni igwila pa phili limozi chabe. Ba dadi banali kuuka kukali nkhungu, kukwela na mwendo wao uja wobaba. Ine kumbuyo. Bakamvela kuti mwayankha, banali kuchosa foni kukhutu, baikweza m'mwamba, so."

Anakweza dzanja lake lopanda kanthu, n'kulitembenuzira kuwindo.

"Banali kufuna mumveleko mphepo ikapita mu mauzu, pakuti munakana kubwela. Mukadula, banali kuseka beka, ati, 'Lelo amai ako bamvelako pang'ono.' Ba Kevin bangayende bakasakile, ba anti bangakambe vamene bafuna. Koma mukazi wamene ba dadi banali kufuna kuja, mami, ndimwe."